Kodi Wosimba Nthano Ali ndi Ngongole Yanji kwa Womvera?

Mawu oyamba

M'mwezi wa Meyi chaka cha 2022, ndili ku Johannesburg ku msonkhano wa aphunzitsi a zilankhulo, mwana wa mlongo wanga amene ankaphunzira kumeneko adanditenga kukaonera filimu yotchedwa Doctor Strange in the Multiverse of Madness. Sindidali mlendo kwenikweni pa mafilimu a kampani ya Marvel. Ndidali nditaonerako angapo, ndipo mayi wina wa m'nkhanizo, Wanda Maximoff, ndinkamudziwa ngati mmodzi wa ngwazi zoteteza dziko. Koma filimu isanapite patali, mayi uja adayamba kupha anthu mopanda chisoni, ati pofuna ana ake awiri. Ndidanong'oneza mnyamatayo kuti, "Kodi ana akunenawa adabereka liti?" Iye adandiyang'ana modabwa nati, "Amalume, simudaonere WandaVision?" Sindidaonere. WandaVision lidali sewero la magawo 9 limene lidaonetsedwa mu 2021 pa Disney+, njira yolipira yoonera makanema pa intaneti. Pakhomo ndidalipira ndalama zonse, koma adandigulitsa theka la nkhani. Theka linalo lidatsala m'sitolo ina.

Ndidatuluka m'nyumbamo ndi funso limene silikhudza mafilimu okha. Munthu akatiitana kuti tikhale pansi timvere nkhani yake, amakhala atatilonjeza chiyani? Nanga ife, pomupatsa makutu ndi maola athu, tili ndi ufulu woyembekezera chiyani kwa iye? Funsoli lakula chifukwa kwa zaka zingapo tsopano olemba za mafilimu ku America ndi ku Ulaya akhala akunena kuti anthu atopa ndi mafilimu a ngwazi za mphamvu zodabwitsa, makamaka aja olumikizana ngati unyolo, oti iliyonse imagwira mchira wa inzake. M'nkhani ino ndikufuna kuonetsa kuti chimene chatopetsa anthu ndi kuswedwa kwa pangano lakale la pakati pa wosimba ndi womvera. Panganolo limati: ndipatse nthawi yako, ine ndikupatsa nkhani yathunthu, ndipo ikatha ndikumasula.

Mmene unyolo udalukidwira

Ngwazi za mtunduwu zidabadwira m'timabuku ta nthano za zithunzi ta ku America. Superman adatulukira mu 1938 kuchokera m'manja mwa Jerry Siegel ndi Joe Shuster. Mu 1961 Stan Lee ndi Jack Kirby adayambitsa Fantastic Four, ndipo m'zaka zotsatira iwo ndi anzawo a ku Marvel adadzaza mzinda wa New York ndi ngwazi zimene zinkakumana, kukangana ndi kuthandizana m'timabuku tosiyanasiyana. Choncho kulumikiza nkhani si nzeru ya dzulo. Chachilendo chidali kuisamutsira nzeruyi ku mafilimu, kumene nkhani imodzi imadya madola mamiliyoni ambirimbiri kuti ipangidwe.

Ntchitoyi idayamba mu 2008 ndi filimu ya Iron Man, mmene Robert Downey Jr. adasewera ngati Tony Stark. Nkhani itatha, maina a opanga filimuyo atayenda mpaka kumapeto, padatulukira kachigawo kena kakafupi: mkulu wina wa diso limodzi, Nick Fury, akuuza Stark kuti ngwazi zilipo zina zimene iye sakuzidziwa. Kachigawo kameneka kadasanduka mwambo, ndipo oonera adaphunzira kusadzuka pampando mpaka magetsi atayaka. Mu 2009 kampani ya Disney idagula Marvel pa mtengo wa madola pafupifupi 4 biliyoni. Mu 2012 filimu ya The Avengers idasonkhanitsa ngwazi zisanu ndi imodzi malo amodzi n'kubweretsa madola oposa 1.5 biliyoni. Makampani ena ataona zimenezi adathamangira njira yomweyo. Warner Bros. idayamba unyolo wa ngwazi za DC ndi Man of Steel mu 2013. Universal idalengeza unyolo wake wa zilombo mu 2017, koma udadukira pa mphete yoyamba, filimu ya The Mummy italephera kukopa anthu.

Ife a chigawo chino cha Africa unyolowu udatikhudza kwambiri mu 2018 ndi filimu ya Black Panther. Anthu a dziko lopeka la Wakanda ankalankhula Chixhosa. John Kani wa ku South Africa adasewera ngati mfumu T'Chaka, Danai Gurira amene adakulira ku Harare adasewera ngati mkulu wa asilikali, ndipo Connie Chiume, amene bambo ake adali ochokera ku Malawi, adali mmodzi wa akuluakulu a bwalo la mfumu. Filimuyo idabweretsa madola oposa 1.3 biliyoni. Ambiri amene adakaonera sadafunikire kudziwa mafilimu 17 amene adaitsogolera. Nkhani ya mwana wolowa ufumu wa bambo wake, nakumana ndi mbale wake wotayidwa kutali, idali yomveka payokha.

Pachimake padafikidwa mu 2019 ndi Avengers: Endgame, filimu ya nambala 22, yotalika maola atatu, imene idabweretsa madola pafupifupi 2.8 biliyoni. Ndi bwino kukumbukira chimene filimuyi inkagulitsa. Inkagulitsa mathero. Tony Stark adafa, Steve Rogers adakalamba napereka chishango chake kwa wina, ndipo nkhani ya zaka 11 idaoneka kuti yafika padooko.

Koma kampani sidaime. M'zaka ziwiri zokha, 2021 ndi 2022, Marvel idatulutsa mafilimu 7 ndi masewero 8 a pa Disney+, onse olumikizana. Zizindikiro za kutopa zidaonekera poyera mu 2023. Filimu ya The Marvels idabweretsa madola pafupifupi 206 miliyoni okha, pomwe Captain Marvel, imene idaitsogolera mu 2019, idaposa 1.1 biliyoni. Kuti munthu awadziwe bwino akazi atatu a mu The Marvels, ankayenera kukhala ataonera filimu ya 2019 ija ndi masewero awiri, WandaVision ndi Ms. Marvel. Chaka chomwecho The Flash ya DC idagwa chagada, ndipo Warner Bros. idatseka unyolo wake m'mwezi wa Disembala n'kudzayambiranso mu 2025 ndi Superman watsopano. Bob Iger, amene ankatsogolera Disney, adavomereza mu 2023 kuti kuchulukitsa kudasokoneza chidwi, ndipo mu 2024 adalengeza kuti achepetsa chiwerengero cha mafilimu ndi masewero a pachaka. Mwa mafilimu atatu amene Marvel idatulutsa mu 2025, palibe imene idafika pa madola 600 miliyoni.

Kukhuta, kukoledwa ndi kutopa

Olemba a Chingerezi vutoli amalitchula ndi liwu limodzi. Chichewa chimatipatsa mawu atatu oti tisankhepo, ndipo kusankhako n'kothandiza pofuna kudziwa matendawo. Pali kukhuta. Munthu wokhuta nsima masana amaifunanso madzulo. Mankhwala ake ndi kudikira chabe. Pali kukoledwa, kumene kumabwera ndi nyama yonona. Wokoledwa safuna kumva ngakhale fungo la chimene chamukola. Ndipo pali kutopa, kumene ndi kwa munthu amene wasenza katundu kapena wagwira ntchito.

Akuluakulu a Disney adaona ngati anthu akhuta, n'chifukwa chake mankhwala awo adali kuchepetsa mbale za pachaka. Otsutsa mafilimuwa amati anthu akoledwa, sakufunanso kuona munthu wouluka atavala chinsalu kumsana. Koma zikadakhala choncho, mafilimu onse a ngwazi akadagwa limodzi. Sizidatero. The Batman ya mu 2022, imene idaima payokha osagwira mchira wa ina iliyonse, idaposa madola 750 miliyoni. Guardians of the Galaxy Vol. 3 ya mu 2023, imene idalengezedwa ngati kutsanzika kwa gulu la ngwazi zake, idaposa 800 miliyoni. Chilakolako cha nkhani za ngwazi chidakalipo, monga mmene chakhalira kuyambira nthawi imene anthu adayamba kusimba za alenje ndi ankhondo.

Latsala liwu lachitatu. Ngati anthu atopa, tiyenera kufunsa: munthu wokhala pa mpando wa wofuwofu, mumdima, akudya chimanga chokazinga, wasenza katundu wanji?

Katundu wa womvera

Pa maphunziro a chilankhulo timaphunzitsa kuti chiganizo chilichonse chimayenda ndi zinthu ziwiri: chimene chanenedwa, ndi chimene wolankhula akuyesa kuti womvera akuchidziwa kale. Ndikati, "Mlamu wako wasiya mowa," ndanena chinthu chimodzi, koma ndatsamira pa ziwiri zimene sindidanene: kuti uli ndi mlamu, ndiponso kuti ankamwa. Ngati ziwirizi sukuzidziwa, chiganizo changa chakusiya panjira. Paul Grice, katswiri wa nzeru za chilankhulo wa ku Britain, adaonetsa m'nkhani yake ya mu 1975 kuti kukambirana ndi ntchito yothandizana, ndipo limodzi mwa malamulo ake osalembedwa ndi lakuti wolankhula apereke zokwanira kuti mnzake amve. Anthu awiri amene akulankhula m'mikuluwiko ya kunyumba kwawo pamaso pa mlendo sakunama, koma akumuuza mlendoyo kuti malo ake palibe.

Nthano zathu za Kalulu nazonso n'zolumikizana. Kalulu wa usiku uno ndi yemwe uja wa dzulo. Fisi, Kamba ndi Njovu amabwerabwera m'nthano zosawerengeka. Koma chimene womvera amafunika kubwera nacho ndi chopepuka: kuti Kalulu ngwochenjera, Fisi ngwadyera, Kamba ngwodekha. Awa ndi makhalidwe, ndipo ngakhale wosawadziwa amawatola nthano isanafike pakati. Palibe nthano ya Kalulu yoti sungaimve ngati sudamve ya dzana. Mwana amene wafika lero kuchokera kumudzi kwina, wosimba akati "Padangokhala," iye angathe kuyankha kuti "Tili tonse," ndipo sakhala akunama.

Mafilimu olumikizana amafuna zina. Amafuna kuti womvera abwere ndi zochitika: ndani adachita chiyani, kwa yani, m'filimu iti, chisanachitike chiti. Mafilimu 23 oyambirira a Marvel amatenga pafupifupi maola 50 kuti munthu awamalize, ndipo pamwamba pake padasanjikizidwa masewero a magawomagawo. Katundu ndi ameneyu. Ophunzira anga ena amene amakonda mafilimuwa amanena okha kuti kukonzekera filimu yatsopano kuli ngati kulemba homuweki. Akuluakulu adati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Amene adayamba mu 2008 akutha mpweya, ndipo amene adabadwa chaka chimenecho akuona kuti anzawo ali kutali kwambiri. Gulu lotere limangochepa. Akale akutuluka, atsopano akulephera kulowa.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikukhudza chikhalidwe. Kulumikiza nkhani kudayamba ngati mphatso kwa wotsatira wokhulupirika: ukadziwa zambiri, usangalala kwambiri. Pang'ono ndi pang'ono mphatso idasanduka msonkho: ukapanda kudziwa, sumva. Filimu iliyonse idayamba kugwira ntchito ya chikwangwani chotsatsa inzake, ndipo chigawo china cha maola awiri amene woonera walipira chimapita ku kukonzera malo nkhani imene idzagulitsidwe chaka chamawa. Immanuel Kant adaphunzitsa kuti munthu asatengedwe ngati chida chabe chofikira pa cholinga cha wina. Wosimba amene akuyang'ana womvera wa lero ngati njira yopezera tikiti ya mawa walakwira lamulo limeneli, ngakhale nkhani yake ikome chotani. Ndalama zimabwezedwa, koma maola amene munthu wapereka ndi chidutswa cha moyo wake.

Imfa yosapha

Katundu wolemera anthu amasenza ndithu akadziwa kumene akukatula. Aristotle, polemba za masewero a Agiriki, adati nkhani yathunthu imakhala ndi chiyambi, pakati ndi mathero, ndipo kutalika kwake kukhale koti mutu wa munthu ungathe kuisunga yonse. Adapereka fanizo la nyama yotalika mitunda yosawerengeka: maso sangaione yonse nthawi imodzi, choncho kukongola kwake kumatayika. Mathero ndiwo amaunikira zonse zimene zapita. Sitidziwa ngati chisankho cha munthu wa m'nkhani chidali chanzeru kapena chopusa mpaka titaona kumene chamufikitsa. Walter Benjamin, m'nkhani yake ya mu 1936 yonena za wosimba nthano, adafika poti ulamuliro wa wosimba umachokera ku imfa, pakuti moyo wa munthu umasanduka nkhani yosimbika pamene watha.

Kampani imene chuma chake ndi ngwazi singalole ngwazi kufa. M'timabuku ta zithunzi izi zidadziwika kale: Superman adaphedwa mu 1992, anthu adagula timabukuto mwaunyinji, ndipo mu 1993 adali atabwerera. Mafilimu adalowa m'mapazi omwewo. Mu Avengers: Infinity War ya mu 2018, Thanos adafafaniza theka la zamoyo zonse, kuphatikizapo Spider-Man ndi T'Challa, koma oonera ambiri ankadziwa kuti filimu ina ya Spider-Man idali itakonzedwa kale kuti idzatuluke chaka chotsatira. Loki adaoneka ngati wafa mu 2011, adanamizira kufa mu 2013, adaphedwa mu 2018, ndipo mu 2021 adali ndi sewero lakelake. Kenaka padabwera chiphunzitso chakuti maiko alipo ambirimbiri ofananirana, ndipo aliyense wakufa kuno ali ndi mnzake wofanana naye kwina amene angaitanidwe. Wolverine, amene anthu adamulira mu Logan mu 2017, adaonekanso mu 2024. M'mwezi wa Julaye chaka chomwecho, ku San Diego, kudalengezedwa kuti Robert Downey Jr. abwereranso ku Marvel, ulendo uno ngati Doctor Doom.

Tiyerekeze kuti kwabwera uthenga wa maliro a mnansi. Mwasiya khasu, mwapereka chipepeso, mwagona pasiwa, mwaperekeza kumanda. Patapita sabata mwakumana naye pamsika akugula tomato. Zachitika kachiwiri, zachitikanso kachitatu. Uthenga wachinayi ukadzabwera mudzapitiriza kulima, ndipo palibe angakuneneni kuti ndinu ouma mtima. Misozi nayonso imafuna kuti isanamizidwe. Martin Scorsese, mkulu wopanga mafilimu wa ku America, adakwiyitsa ambiri mu 2019 pamene adayerekeza mafilimuwa ndi malo a zisangalalo kumene anthu amakwera makina owazunguza, ndipo pofotokoza maganizo ake m'nyuzipepala ya New York Times adati vuto ndi lakuti m'mafilimuwa mulibe chimene chili pangozi yeniyeni. Adanena izi chaka chimene Marvel idali pachimake, ndipo ambiri adati ndi nsanje ya nkhalamba.

Imfa imodzi yokha ndi imene unyolowu udalephera kuibweza. Chadwick Boseman, amene ankasewera ngati T'Challa, adamwalira ndi khansa ya m'matumbo m'mwezi wa Ogasiti 2020 ali ndi zaka 43. Kampani idasankha kusaika wina m'malo mwake, ndipo Black Panther: Wakanda Forever ya mu 2022 idayamba ndi imfa ndi maliro a mfumuyo. Amene adaonera amakumbukira bata limene lidagwa m'nyumba zoonetsera. Maliro amenewo anthu adawakhulupirira, chifukwa ankadziwa kuti kulibe dziko lina kumene angakamutenge.

Umberto Eco, polemba za Superman m'zaka za m'ma 1960, adaona kuti ngwazi yotere ili pamphambano: iyenera kuchita zinthu, koma siyenera kukalamba, pakuti chochitika chilichonse chosabwezeka ndi phazi limodzi lolowera kumanda. Olemba timabuku a nthawi imeneyo adathetsa vutoli poyambitsa nkhani iliyonse ngati kuti dzulo kudalibe. Apa tikuona kuti mapangano oona mtima alipo awiri. Loyamba ndi la Kalulu ndi Superman wakale: ngwazi yanga siifa, koma sindikupempha kuti ukumbukire kanthu. Lachiwiri ndi la buku lalitali: ukumbukire zonse, ndipo pamapeto ndidzakulipira ndi mathero. Mafilimu olumikizana atenga mbali yolemera ya pangano lachiwiri ndi mbali yopindulitsa kampani ya pangano loyamba. Akuti: ukumbukire zonse, koma palibe chidzathe. Anthu adapirira mpaka 2019 chifukwa ankakhulupirira kuti ali m'pangano lachiwiri. Atazindikira kuti mathero aja adali popumira chabe, ambiri adatula katundu pomwepo.

Zimene ena anganene

Wina angati nkhani zosatha zilipo kuyambira kale ndipo anthu sadatope nazo. Ku South Africa anthu adatsatira Generations kwa zaka zambiri, ndipo ku Malawi Tikuferanji lidakhala sewero la mabanja ambiri. Izi n'zoona, koma masewero otere amadziwa kuti womvera amajomba. Amabwereza zimene zidachitika, amayenda pang'onopang'ono, ndipo munthu angalowe tsiku lililonse n'kupeza njira pasanathe sabata. Satuma munthu kwina kukagula chiyambi cha nkhani. Ngakhale Scheherazade wa m'nthano za Aluya, amene ankadula nkhani pakati m'bandakucha uliwonse, ankatero pofuna kupulumutsa moyo wake ndi wa akazi anzake, ndipo nthano iliyonse ankadzaimaliza. Kuchedwetsa mathero si tchimo. Tchimo ndi kulonjeza mathero ulibe cholinga chowapereka.

Wina angati zifukwa n'zina: mliri wa Covid-19 udazoloweretsa anthu kuonera kunyumba, ndipo mafilimu ena adangolembedwa mosasamala. Izinso n'zoona, ndipo sindikunena kuti chifukwa n'chimodzi chokha. Koma kusasamalako kuli ndi gwero lake. Tsiku lotulutsira filimu likakhazikitsidwa nkhani isanalembedwe, chifukwa choti filimu zina zitatu zikudikira pambuyo pake, wolemba sakhalanso mwini nkhani. Mu 2023 ogwira ntchito yojambula zodabwitsa pa kompyuta ku Marvel adavota kuti alowe m'bungwe loteteza antchito, atadandaula kwa nthawi yaitali za kuchuluka kwa ntchito. Unyolo umatopetsa woluka usanatopetse wosenza.

Chotsutsa champhamvu ndi ichi: Spider-Man: No Way Home ya mu 2021 idabweretsa madola oposa 1.9 biliyoni, ndipo Deadpool & Wolverine ya mu 2024 idaposa 1.3 biliyoni, chonsecho mafilimu awiriwa adadzaza ndi nkhope za m'mafilimu akale. Kodi si umboni woti anthu amakonda kulumikizana? Ndikuvomera kuti amakonda kuonanso nkhope zimene adazisowa. Koma kuti munthu asowedwe ayenera kuyamba wachoka. Chimwemwe cha anthu poona Tobey Maguire kapena Hugh Jackman chidachokera ku nkhani zimene zidaloledwa kutha zaka zapitazo. Kampani ikukolola m'munda umene ena adalima, ndipo ngati siilola nkhani zake zatsopano kutha, ikudya mbewu. Zaka makumi awiri zikubwerazi sipadzakhala woti abwerere, pakuti padzakhala palibe amene adachoka.

Chomaliza n'chotiloza ife tomwe. Arthur Conan Doyle adapha Sherlock Holmes mu 1893 pa mathithi a Reichenbach, atatopa naye. Owerenga adadandaula, osindikiza adaonjezera ndalama, ndipo mu 1903 Holmes adauka. Wosimba si yekha amene amaopa mathero. Ifenso timafuna kulira maliro koma wakufayo tisamutaye. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Ngati wosimba ali ndi ngongole ya mathero, womvera ali ndi ngongole ya kuwalandira. Makampani sakadaukitsa akufa tikadapanda kuomba m'manja nthawi iliyonse imene manda atseguka.

Mawu omaliza

Makolo athu sankasimba nthano masana. Nthano idali ndi nthawi yake, ntchito zitatha, ndipo idali ndi khomo lolowera ndi lotulukira. M'madera ena wosimba akamaliza amatuma ana kuti akaphule mbatata pamoto, iwo n'kuyankha kuti yapserera. Mawu amenewa amabweza omvera kudziko la moto weniweni, la njala ndi tulo. Wosimba akunena kuti: nthawi imene mudandibwereka nayi, ndabweza. Kachigawo kaja kobwera maina atatha kamanena zosiyana. Kamati musadzuke, chimene mwaonachi chidali chiyambi chabe.

Yankho la funso lathu, tsono, lili pawiri. Wosimba ali ndi ngongole ya khomo lolowera, kuti mlendo wa lero amve popanda kutumidwa kwina, ndi ngongole ya khomo lotulukira, kuti zimene zachitika m'nkhani zikhale zitachitikadi. Angathe kugwiritsa ntchito ngwazi imodzi kambirimbiri, angathe kulumikiza nkhani mazana, malinga ngati ngongole ziwirizi akuzilipira usiku uliwonse. Kwa ophunzira amene akuyamba kulemba m'zilankhulo zathu, amene tsiku lina adzauzidwa kuti nkhani yogulika ndi imene ili ndi gawo lachiwiri ndi lachitatu, phunziro la Hollywood lafika pa nthawi yake, ndipo sitidalilipire ndife.

Mawu akuti "Tili tonse" sanenedwa kamodzi kokha. Omvera amawabwereza nthano yonse, ndipo wosimba waluso amatchera khutu kuti amve ngati akumveka mwamphamvu kapena ayamba kuzilala. Akazilala sakalipira ana kuti ndi aulesi. Amadziwa kuti watalikitsa. Mipando yopanda anthu ya mu 2023 idali kuzilala kotero. Mphwanga uja, amene sankaphonya filimu ya Marvel ngakhale imodzi, ndidamufunsa chaka chatha ngati adaonera yatsopano. Adati, "Amalume, ndidzaonera akadzanena kuti ndi yomaliza." Adakhala chete pang'ono, kenaka nati, "Komanso adanenapo kale."